Nthano pa kanema: katuni kapena anthu enieni?

Amalawi ambiri amene tikukhala ku Johannesburg timaweruka kuntchito usiku, choncho ana athu amamva nthano m'mafilimu m'malo momva kwa agogo awo. Tiyerekeze mafilimu awiri a Disney a nthano ya Cinderella, katuni ya mu 1950 ndi filimu ya anthu enieni ya mu 2015. Ine ndimaona kuti katuni ndiyo imasunga bwino kukoma kwa nthano, chifukwa mbewa zikamasoka diresi mwana sadabwa, monga momwe ife sitinkadabwira kalulu akamalankhula. Filimu ya mu 2015 ndi yokongola ndithu, koma imachedwa kwambiri pa imfa ya makolo a mtsikanayo, moti mwana wanga wamng'ono anayamba kusinza Cinderella asanafike n'komwe kuphwando la kunyumba ya mfumu.