Macheso, Mokoomba kapena Madalitso Band: chimbale chiti chikhale pamwamba?

Kuno ku Harare nyumba ya munthu wolankhula Chichewa imakhala ndi makutu amitundu itatu. Agogo amene anachoka ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi amafuna nyimbo yomveka mawu, yoti munthu atolepo kanthu. Makolo athu anakulira mu sungura, nyimbo zovina za magitala za kuno ku Zimbabwe, ndipo gitala akapanda kulira bwino amati palibe chomwe chaimbidwa. Ana, amene Chishona chimawatuluka msanga kuposa Chichewa, ali pa Zimdancehall, dancehall ya achinyamata a kuno, ndi zina za pa foni. Ndiye ine poika zimbale pa mndandanda sindiyang'ana kuti nyimbo yake yatchuka bwanji m'makombi a ku Mbare kapena ku Mufakose. Funso langa ndi limodzi: kodi chimbalechi chingalire kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, tonse tili pabalaza, popanda wina kudzuka kukachisintha? Ndi muyeso umenewu zimbale zisanu zatsala m'manja mwanga, ndipo zitatu zapamwambazo ndi zimene zimandivuta kuzisiyanitsa.

Ndiyambe ndi ziwiri zapansi, zimene sindizinyoza konse.

Eureka Eureka ya Winky D, imene anaikhazikitsa ku holo ya Harare International Conference Centre (HICC) usiku wa pa 31 Disembala 2022, ndi chimbale cha munthu wolimba mtima. Mnyamata wa ku Kambuzumayu amanena zimene anthu amanong'onezana pamzere wa madzi kuchitsime, ndipo nyimbo ya Ibotso, imene anaimba ndi Holy Ten, inautsa mapiri pachigwa chifukwa chokhudza katangale ndi umphawi wa achinyamata. Pa nkhani ya uthenga palibe amene akumuposa pa onse asanuwa. Chimene chamutsitsa kwa ine ndi chakuti mphamvu yonse ili m'mawu, ndipo mawuwo ndi Chishona cha m'misewu chothamanga kwambiri. Agogo amamva Chishona bwinobwino, akhala nacho zaka zambirimbiri, koma ichi chimawadutsa. Mukawachotsera mawu, zoimbira zotsalazo sizikwanira kuwakhazika pansi. Njema ya mu 2019 ili ndi vuto lomwelo m'nyumba mwathu, ngakhale ine ndekha ndikakhala pa ulendo ndimaimvera yonse.

Pamwamba pake ndaikapo Chiremerera ya Jah Prayzah ya mu 2023. Chaka chimenecho anatulutsa zimbale ziwiri nthawi imodzi, ichi ndi Maita Baba, ndipo pa ziwirizi Chiremerera ndiye cha chikhalidwe: mbira, hosho, ng'oma ndi liwu lake lija lokhuthala. Ambiri amamukumbukira ndi Kutonga Kwaro ya mu 2017, imene inalira mumzinda monse masiku amene Robert Mugabe ankachoka pampando, koma poimba penipeni Chiremerera ndi chokhwima kuposa pamenepo. Akuluakulu amachilandira, pakuti ng'oma ndi ng'oma, kaya ndi ya ku Uzumba, kwawo kwa Jah Prayzah, kaya ndi ya ku Kasungu. Vuto lake ndi kutalika. Pakati pake nyimbo zimayamba kufanana kayendedwe, ndipo ana amayamba kusuzumira m'mafoni. Akanadulako zingapo bwenzi chili pa nambala yachitatu.

Tsopano nkhani yeniyeni.

Alick Macheso ndi wathu, ndipo palibe wa kuno amene angafune kumuuza zimenezi. Anabadwira ku Shamva mu 1968, magazi ake ndi a ku Malawi, anakulira m'mafamu monga anakulira makolo a ambiri a ife. Anasulidwa ku Khiama Boys pansi pa Nicholas Zakaria, mwana winanso wa Amalawi, asanayambitse gulu lake la Orchestra Mberikwazvo. Pamene Simbaradzo inatuluka mu 2000 ndi nyimbo ija ya Mundikumbuke, anthu amene ankachita manyazi kulankhula Chichewa pagulu anamva chilankhulo chawo chikulira m'mabasi ndi m'mabala a dziko lonse, Ashona akuyimba nawo. Ngongole imeneyo sitidzamaliza kumubwezera.

Koma pano tikunena za zaka zaposachedwa, ndipo pa zimbale zake za nyengo ino, Tsoka Dzerwendo ya mu 2016, Dzinosvitsa Kure ya mu 2018, Tinosvitswa Nashe ya mu 2022 ndi Kupa Kuturika ya mu 2024, ine ndimagwira Tsoka Dzerwendo. Chinatuluka patapita zaka zinayi chitulukireni Kwatakabva Mitunhu, anthu atayamba kunena kuti sungura yatha, Zimdancehall yalanda bwalo. Mukachimvera mumamva munthu amene ali ndi chonena. Nyimbo ndi zochepa koma zazitali, ndipo kutalikako kuli ndi ntchito yake. Imayamba mofatsa ndi mawu, uphungu wa m'banja kapena dandaulo, kenako magitala amayamba kuyankhana, ndiye pakati pa nyimbo besi ija imatuluka kutsogolo n'kuyamba kuimba yokha ngati munthu. Oimba ena besi amaisiya kumbuyo kuti izingosunga kayendedwe ka nyimbo. Macheso amaiika patsogolo, ndipo ndi pamenepo pamene bambo aliyense wa ku Highfield amaiwala msana wake wowawa n'kuyamba kuvina Borrowdale, gule wa sungura. Gungwa ndi Wandirangaridza ndi nyimbo zoti pa ukwati sizilephera.

Nanga bwanji sindinamuike pamwamba? Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, Macheso wa pa chimbale ndi theka la Macheso wa pa siteji. Amene anamuonapo ku Aquatic Complex ku Chitungwiza, akuimba mpaka tambala kulira, akudziwa kuti chojambulidwa mu situdiyo chimamveka chomangika. Ng'oma zimakhala zopyapyala, magitala amathinana. Chachiwiri ndi chakuti njira yake tinaidziwa kale. Nyimbo ikangoyamba mumadziwa pamene besi idzalowere ndi pamene liwiro lidzakwerere. Akuluakulu amakonda zimenezo, koma ana amati zonse ndi nyimbo imodzi. Sindigwirizana nawo, komabe ndimamvetsa chimene akunena. Ndiponso, kunena mochokera pansi pa mtima, ndimalakalaka atatipatsa chimbale chathunthu cha m'Chichewa chokhachokha. Omvera alipo, kuno ndi ku Lilongwe komwe.

Mokoomba ndi nkhani ina. Anyamatawa ndi a ku Chinotimba ku Victoria Falls, kumene Atonga, Aluvale, Anyanja ndi Andebele amakhala khomo ndi khomo, ndipo amaimba m'zilankhulo zonsezo. Ambiri kuno sadziwa kuti njira yawo yopita kunja inatsegukira ku Malawi: mu 2008 anapambana mpikisano wa Music Crossroads ku Lilongwe. Rising Tide ya mu 2012 ndiyo inawatchukitsa ku Ulaya, Luyando ya mu 2017 inali yofatsa, ya magitala osalumikiza ku magetsi, ndipo Tusona: Tracings in the Sand ya mu 2023 inabweza mphamvu zonse, malipenga ndi ng'oma zomwe.

Mukaika Tusona pambali pa Tsoka Dzerwendo kusiyana kumamveka nthawi yomweyo. Kajambulidwe ka Mokoomba ndi koyera, choimbira chilichonse chili ndi malo ake, ndipo nyimbo iliyonse ili ndi nkhope yakeyake. Ina imapendekera ku rumba ya ku Congo, ina ku ng'oma za kumudzi, ina ndi yoti munthu ungokhala chete. Ndipo pali liwu la Mathias Muzaza. M'dziko muno sindinamve munthu wina amene amatha kutsika pansi ndi liwu lokandakanda, n'kukwera mwadzidzidzi mpaka pamwamba osasweka. Gitala wa Trustworth Samende sachulutsa zokamba, amalowa pofunika pokha, zimene oimba sungura ambiri sadziwa kuchita.

Chinanso chimene chimatikokera ife ku chimbale chimenechi ndi makishi, zilombo zovina za Aluvale zimene Mokoomba amazilemekeza m'nyimbo ndi m'zithunzi zawo. Aliyense amene anakulira pafupi ndi dambwe amazindikira ubale wake ndi Gule Wamkulu, ndipo UNESCO inalemekeza miyambo iwiriyi chaka chimodzi, mu 2005. Kuno Gule amavinidwabe ku Mbare, ku Dzivarasekwa, ku Epworth ndi m'mafamu ozungulira mzinda, koma anzathu ambiri amangomutchula pofuna kuopseza ana kapena kutinyoza. Kuona gulu la ku Zimbabwe likunyamula mwambo wofanana nawo kupita nawo m'mabwalo akuluakulu a kunja, mosachita manyazi, kumandilimbitsa mtima.

Chofooka cha Tusona n'chakuti mbali yaikulu ya mawu ake ambiri a ife sitiimva. Chiluvale ndi Chitonga timangotolamo liwu limodzilimodzi. Agogo amagwedeza mutu, amayamikira ng'oma, koma sayimba nawo. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pa wailesi za kuno simuwamva kawirikawiri, moti mwana wa ku Glen View akhoza kudziwa oimba a ku Nigeria khumi osadziwa Mokoomba. Pakati pa iwo ndi Macheso ndasinkhasinkha nthawi yaitali. Pa luso la kajambulidwe ndi kusiyanasiyana kwa nyimbo, Mokoomba ali patsogolo. Pa kuvinitsa anthu ndi kulankhula ndi mtima wa munthu wa kuno, Macheso sagwedezeka. Ndaika Tusona pachiwiri, Tsoka Dzerwendo pachitatu, chifukwa Tusona ana amaimvera mpaka kumapeto pamene Macheso amamusiya pa nyimbo yachitatu.

Pamwamba pa onse ndaika anthu awiri okha, opanda kiyibodi, opanda malipenga, opanda ovina. Madalitso Band ndi Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene kwa zaka zambiri ankaimba m'misewu ya Lilongwe anthu n'kumawaponyera ndalama. Yobu amaimba babatoni, besi yopanga yekha ya chingwe chimodzi ndi mtengo wautali, ndipo ndiye amatsogolera nyimbo. Yosefe amakhwacha gitala wa zingwe zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Mu 2017 anakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo zitseko za ku Ulaya zinatseguka. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022. Pa ziwirizi Musakayike ndiye changa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, anthu awiri a mumsewu angapose bwanji Orchestra Mberikwazvo yonse? Tamverani kaye. Chimene Macheso amachita ndi besi ya zingwe zambiri ndi gulu lonse kumbuyo kwake, Yobu amachita ndi chingwe chimodzi. Babatoni ija imadumpha, imang'ung'udza, imakoka nyimbo kupita nayo kutsogolo, ndipo chidendene cha Yosefe sichiphonya. Liwiro lake ndi lomwelo la sungura, n'chifukwa chake makolo athu sachedwa kulowamo. Bambo amene sanamvepo dzina la gululi amayamba kugwedeza phazi nyimbo yoyamba isanathe. Ana nawo amachikonda chifukwa kugunda kwa ng'omayo n'kowongoka, kosasintha, kofanana ndi zimene amavina okha. Ndipo agogo amamva liwu lililonse. Ndi Chichewa cha kumudzi chosasakaniza, chokamba za chikondi, za banja, za Mulungu ndi za mavuto a tsiku ndi tsiku, choimbidwa ndi mawu awiri ogwirizana monga amaimbira anthu kutchalitchi cha kumudzi. Mwa zimbale zisanuzi ndi ichi chokha chimene mibadwo itatu yonse imayimba nawo, ndipo ana amafunsa tanthauzo la mawu amene sanawamve.

Sindikunena kuti chilibe chilema. Zoimbira ziwiri ndi ziwiri basi, ndipo amene amafuna kusinthasintha kwa Mokoomba adzaona ngati nyimbo zikuyenda njira imodzi. Dandaulo lomwe ana amapereka kwa Macheso likhoza kuperekedwanso pano. Kusiyana kwake n'kwakuti Madalitso salonjeza zambiri. Palibe chobisika kumbuyo kwa makina a mu situdiyo, mumamva chala chikukhudza chingwe ndi mpweya wa woimba. Pamene chimbale cha Macheso chimachepetsa zimene iye amachita pa siteji, cha Madalitso chimamveka ngati anthuwo akhala pakhonde panu.

Pali mayina amene ndawasiya dala. Hanya'Ga ya Oliver Mtukudzi ya mu 2018, chimbale chake chomaliza asanamwalire pa 23 Januwale 2019, sindingachiike pa mpikisano ndi wina aliyense. Chimodzimodzi Lucius Banda, amene anatisiya pa 30 Juni 2024. Nyimbo za Soldier, monga ankatchulidwira Lucius, zinalera Amalawi a kuno kuyambira masiku a makaseti obwera ndi mabasi odzera ku Nyamapanda, ndipo kuziyeza pa sikelo imodzi ndi za anyamata a lero n'kupanda ulemu. Kalilima ya Faith Mussa ya mu 2019 inatsala pang'ono kulowa, ndipo amene wakonda Musakayike ayifunefune.

Vuto lomwe mungakumane nalo ndi kapezedwe. Macheso, Jah Prayzah ndi Winky D muwapeza kwa mnyamata aliyense woika nyimbo m'mafoni ku Mbare Musika kapena ku Copacabana. Mokoomba ndi Madalitso Band kumeneko mudzangotopa n'kufunsa. Zimbale zawo zili pa YouTube, pa Spotify ndi pa Bandcamp, ndipo pa Bandcamp mukhoza kugula chimbale chonse kuti oimbawo apezepo kangachepe. Ngati muli ndi sipika yabwino ilumikizeni, chifukwa pa kasipika ka foni babatoni simveka n'komwe, ndipo mudzaweruza Musakayike musanamve theka lake.