Loboti yotenga mabuku kapena mashelefu oyenda: kuno kuchigwa cha Shire tingathe ziti?

Anzanga a m'malaibulale, mabuku akachuluka malo n'kuchepa, njira yomwe imakopa maso kwambiri ndi ya loboti. Inayambira ku California State University, Northridge mu 1991. Mabuku sasanjidwa potsata nkhani zake ayi. Amalongedwa m'mabokosi achitsulo potengera msinkhu, buku lililonse ndi barcode yake, timizere tomwe kompyuta imawerenga polizindikira. Wophunzira akaitanitsa pa kompyuta, makina oyenda pa njanji amakasolola bokosi lonse n'kulifikitsa kwa wogwira ntchito, iye n'kutulutsamo bukulo. Ku University of Chicago, laibulale ya Mansueto ya mu 2011 ili ndi malo a mabuku 3.5 miliyoni pansi pa nthaka, kuya kwake pafupifupi mamita 15.

Tsono dzenje lotero mulikumbe ku Bangula, dzinja lifike! Ngakhale mutamanga pamtunda, makinawa amadya magetsi, ndipo chipinda chake chimafuna zoziziritsa usana ndi usiku, chikhalirecho tikudziwa mmene ku Ngabu kumawotchera mu October. Namondwe wa Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu January 2022, magetsi anavuta kupitirira chaka. Akathima, simungati ndilowe ndi tochi ndikasake ndekha, poti komwe kwagona buku imadziwa ndi kompyuta yokha. Chitsulo chikathyoka, katswiri wake ndi wochokera kunja.

Mashelefu oyenda alibe ulemerero wotero. Amakhala mothinana pa tinjanji ta pansi, ndipo ukapukusa chogwirira chonga chiwongolero amasuntha n'kutsegula kanjira kamodzi. Chipinda chomwecho chimalowa mabuku pafupifupi kawiri, popanda yuniti ya magetsi ngakhale imodzi. Zovuta zilipo: pansi pamafunika konkire yolimba ndi yosalala, fumbi likadzaza m'tinjanjimo shelefu imakakamira, ndipo nthawi ya mayeso ana amadikirirana poti kanjira n'kamodzi.

Mashelefu wamba amadya malo, koma ndi okhawo omwe mwana amapita kukafuna buku limodzi n'kutulukira atatu oyandikana nalo.

Ine ndingasiye mabuku owerengedwa tsiku ndi tsiku pa mashelefu wamba, ma thesis ndi magazini akale n'kuwatsekera m'oyendawo, makamaka achitsulo chifukwa cha chiswe. Kwa loboti ndingabwerekeko barcode yokha, n'kuilumikiza ku Koha, pulogalamu yaulere ya kalozera wa mabuku. Ndalama yotsala ipite pokweza maziko a nyumbayo, ndipo shelefu yapansi penipeni ikhale yopanda kanthu kuyambira December mpaka March.