Kalavani yogula yakale: ndemanga yanga titabwerako ku Livingstone

Kalavaniyi, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Tinaigula kwa bambo wina wa kuno ku Lilongwe amene anaitenga ku South Africa, ndipo ndinadikira dala kuti tiyende nayo kaye ulendo wautali ndisanalembe kalikonse, chifukwa ili chiimire pabwalo inkangooneka yabwino. Mwezi wa Okutobala tinakhalamo masabata atatu, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri, kupita ku Livingstone, m'dziko la Zambia, ndi kubwerera.

Ndi yaing'ono, ya mateyala awiri, denga lake limakwezedwa mukafika pogona. Mkati muli bedi la anthu awiri, tebulo lomwe usiku limatsitsidwa n'kusanduka pogona ana, mbaula ya gasi, kafiriji ndi thanki ya madzi ya malita 60. Kunja kuli tenti yomangirira m'mbali mwake, ndipo tenti imeneyi ndiyo inali balaza lathu ulendo wonse. Tinkaikoka ndi Hilux.

Tinatulukira pa Mchinji kulowa pa Mwami. Amene mukufuna kuyenda nayo kunja kwa dziko, dziwani kuti kalavani ili ndi nambala yake ndi mapepala akeake, ndipo pachipata amaiwerenga payokha. Ine pa inshuwalansi ya COMESA Yellow Card ndinalembetsa galimoto yokha, choncho tinatayapo maola awiri kukonza zimenezo. Kuchoka pa Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo ife tinawagawa masiku awiri. Mpaka pa Petauke inkangotsatira mwaulemu ngati mwana wa ng'ombe. Mayeso ake enieni anali m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, pomwe msewu umakhotakhota uku ukutsetsereka. Mabuleki ake amagwira okha galimoto ikamachepetsa liwiro, ndipo sanandikhumudwitse ngakhale kamodzi. Chimene chinandiopsa n'kupepeluka kwake thiraki ikatidutsa. Tinaima pamsika wa pa mlathopo, paja amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, ndipo dalaivala wina wa thiraki atasuzumira mkati anandifunsa kuti, "Akulu, katundu wolemera mwamuika kuti?" Thumba la ufa la makilogalamu 25 lomwe tinagula ku Chipata linali kumbuyo kwenikweni, pamodzi ndi zigubu za madzi. Tinazisunthira pakati, pamwamba pa mateyala, ndipo kupepeluka kuja kunatheratu. Kuyambira pamenepo sindinapitirirenso makilomita 80 pa ola. Mafuta okha ndiye konzekerani, amatha msanga kuposa mmene munazolowerera.

Moyo wa tsiku ndi tsiku mmenemo ndi umene wandichititsa kuikonda. Mukafika pamalo mumaimasula kugalimoto, kutsitsa miyendo yake inayi, kukweza denga, kukoka tenti. Tsiku loyamba zinatitengera ola lathunthu, pofika sabata yachiwiri ana ankamaliza okha tiyi asanawire. Miyendo inayiyo musaichitire ulesi. Usiku woyamba ku Petauke ndinangotsitsa iwiri, ndiye mayi a kunyumba atayamba kuvundula nsima, nyumba yonse inkagwedezeka motsatira mthiko, makapu akulira m'kabati. Mbaulayo anaipangira anthu ophika tiyi ndi mazira, poto wa nsima ya anthu anayi amatsetsereka pamenepo. Mawa lake tinagula kambaula ka makala, nsima n'kumaphikidwira panja pansi pa tenti, ndiwo mkati. Zinayenda bwino kwambiri, ndipo ndalama zomwe tikanasiya m'malesitilanti a alendo ku Livingstone ndi zomwe zinatilipirira bwato.

Malo ndi ochepa, aliyense amakhala ndi kabokosi kamodzi ka zovala. Madzi a malita 60 ankatikwana masiku awiri pophika ndi kutsuka mbale, kusamba tinkasambira m'mabafa a pamalo ogona. Bedi ndi labwino, msana sunandipweteke. Denga likakwezedwa limakhala ndi mawindo a neti mbali zonse, mphepo n'kumadutsa, ndipo m'kutentha kwa Okutobala, pamene masana kumapitirira madigiri 35, zimenezi ndi zomwe zinkatipatsa tulo.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa zooneka. Kafiriji kake ndi kamtundu woyendera gasi, batire kapena magetsi, ndipo kamafuna kalavani ikhale yowongoka bwinobwino kuti kazizire. Kukatentha kwambiri kamangofooka. Nyama yomwe tinagula ku Choma tinachita kuiwotcha yonse tsiku lomwelo kuopa kuti ingaonongeke. Masoketi ake ndi a ku South Africa, a mapini atatu obulungira, pamene mapulagi athu ndi a makona, ndiye popanda adaputala simutchaja ngakhale foni. Fumbi limalowera pansi pa chitseko. Koma chondipweteka mtima ndi choti wogulitsa uja ananditsimikizira kuti mabering'i a mateyala ndi atsopano. Titayandikira Mazabuka, kuja kuli minda ya nzimbe, ndinaima n'kugwira pakati pa teyala lakumanzere, ndipo ndinachotsa dzanja msangamsanga, panali moto. Makaniko wa m'mbali mwa msewu atatsegula anapeza girizi yauma ngati dothi. Tikanapitirira, teyala likanatha kuchoka tili pa liwiro, ana ali m'galimoto.

Chimene tinapitira ku Livingstone ndi mtsinje. M'chaka cha 2009 ndinapalasako bwato la raba pa Zambezi ndi anzanga akuntchito, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwatopetsa anthu kunyumba ndi nkhani imeneyi. Mumatsikira pansi pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamalo otchedwa Boiling Pot, mlatho wachitsulo wa 1905 uli pamwamba penipeni pa mutu wanu. Amakuvekani jekete yoyandamitsa ndi chisoti, n'kukupatsani nkhafi. Malo a mafunde aakulu anawapatsa manambala ndi mayina: wachisanu ndi Stairway to Heaven, wachisanu ndi chiwiri Gulliver's Travels, ndipo pa nambala 9, Commercial Suicide, aliyense amatsika n'kuyenda pamiyala chifukwa ndi poopsa kwambiri. Tsiku limenelo wotiyendetsa atamva kuti ndine wa ku Malawi anasiya Chingerezi n'kumandikuwira m'Chinyanja: "Achimwene, gwirani chingwe, nkhafi osataya!" Pa nambala 18, pomwe amati Oblivion, funde lachitatu linaimika bwato ngati khoma n'kulitembenuza. Ndinapezeka ndili kunsi kwake, mutu uli m'kampata ka mpweya pakati pa mipando, kuwala kobiriwira kukubwera kuchokera m'madzi, phokoso lonse litazima, ndikungomva kupuma kwanga. Ndinayenda ndi manja mpaka m'mphepete monga anatiphunzitsira, ndipo nditatulukira mnyamata wa kabwato kakang'ono kopulumutsira anali kale pambali panga akundiuza kuti ndigwire kumbuyo.

Ulendo uno ndinapita ndi mwana wanga wamkulu, wa zaka 17. Pa 18 pomwepo bwato silinatembenuke, koma iye anagwera m'madzi, ndipo masekondi amene ndinakhala ndisakuona chisoti chake anali aatali kuposa anga aja a 2009. Anatulukira kutsogolo akutsokomola, nkhafi ili m'manja. Kenako kunali kukwera chiphompho cha Batoka wapansi, miyendo ikunjenjemera, anyamata a m'midzi yozungulira akutipitirira atasenza mabwato ophwetsa pamutu. Anyamata amenewa muziwapatsako kangachepe, ntchito yawo ndi yowawa.

Apa m'pamene kalavani inaonetsa phindu lake. Mu 2009 tinatuluka m'chiphomphomo n'kukagona m'kachipinda kodula, m'mawa mwake n'kukwera basi thupi lonse likuphwanya. Ulendo uno tinafika pakhomo pathu: zovala zonyowa tinaziyanika pa zingwe za tenti, mayi a kunyumba anali ataphika nsima ndi nsomba zija za pa Luangwa, mwana akufotokozera mlongo wake funde lililonse ndi manja. Tinakhala pamalopo masiku asanu ndi atatu osathamangitsidwa ndi mtengo wa chipinda. Anyani ankazungulira m'mawa uliwonse, koma zotsekera mawindo ndi zolimba, sanatibere kanthu.

Amene mukufuna bwato, nyengo yake ndi pamene madzi achepa, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Disembala, pomwe amayambira pa nambala 1. Koma cha mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia ya mathithi imakhala pafupifupi youma, thanthwe lokhalokha, ndiye ofuna kuona utsi wa madzi apite cha mu Epulo kapena Meyi, koma apo bwato nthawi zambiri amaliimitsa. Ndinafulumira kupita ndi mwanayu chifukwa maboma a Zambia ndi Zimbabwe ali ndi pulani yomanga damu la magetsi la mamegawati 2,400 mu Batoka momwemo, ndipo likadzamangidwa madzi adzakwera n'kumiza ambiri mwa mafunde amenewa. Ife amene timadalira Nkula, Tedzani ndi Kapichira timadziwa bwino kuwawa kwa kuzimazima kwa magetsi, sindingawanene. Komabe ndinkafuna kuti mwana wanga amve Oblivion ndi thupi lake isanamizidwe.

Kalavaniyi ndi yoyenera banja lodziphikira lokha, losathamanga, lofuna kukhalitsa pamalo amodzi. Amene mumakonda kugona tauni ina usiku uliwonse, kumasula ndi kumangirira kukutopetsani. Ife tasintha mabering'i onse awiri, taika raba yatsopano pachitseko, ndipo kafiriji tikufuna kuchotsa tiike ka kompuresa koyendera sola tisanapite nayo ku Chintheche. Mukamagula yonga iyi, muuzeni wogulitsa achotse teyala inu mukuona, muyang'ane girizi ndi maso anu, ndipo muonenso ngati teyala lapadera lili ndi mpweya, chifukwa silifanana ndi la galimoto yanu.