Chida cha K&M Chopalira Makosi a Zigoba za Zipolopolo

Munthu amene amadzazanso yekha zigoba za zipolopolo n'cholinga choti ziziwomba pamalo amodzimodzi amadziwa kuti khosi la chigoba (mbali yopapatiza yakutsogolo imene imagwira chipolopolo) likakhala lokhuthala mbali imodzi, chipolopolo chimakhala chopendekeka pang'ono ndipo sichilowa mu mpope wa mfuti mowongoka. Chida chopalira makosi cha kampani ya K&M, chimene chimapala kunja kwa khosi kuti likhuthale mofanana mbali zonse, chimathetsa vuto limeneli bwino, ndipo ndachikonda.

Ndisanapale, ndimayeza kukhuthala kwa khosi m'malo anayi ndi micrometer (chida choyezera tinthu topyapyala kwambiri) ya mutu wobulungira, chifukwa choyezera wamba chotchedwa caliper sichigwira bwino pa chinthu chokhota. Makosi ambiri amakhuthala pakati pa mainchi 0.012 ndi 0.015, ndipo kusiyana kwa mbali kukapitirira 0.001, pamenepo m'pamene kupala kumakhala ndi phindu.

Ubwino waukulu wa chidachi uli pa kasinthidwe ka mpeni wake, umene umasuntha pang'onopang'ono kwambiri ndipo ukamangidwa sugwedezeka, moti chigoba choyamba ndi chomaliza zimatuluka zofanana. Komabe khosi liyenera kuyamba lakulitsidwa ndi mandrel (kachitsulo kokulitsira khosi) yogwirizana ndi pilot ya chidachi (kachitsulo kamene kamalowa m'khosi kuti kaligwire popala), ndiponso kupakidwa mafuta pang'ono, apo ayi mkuwa umatentha ndi kumamatira. Zigoba ziyeneranso kudulidwa kuti zifanane kutalika, popeza mpeni umayenera kungokhudza phewa (pamene khosi limalumikizana ndi thunthu la chigoba), osalowamo kwambiri, kuopa kufooketsa khosi.

Ntchitoyi ndi yochedwa ndipo imatopetsa zala. Kwa mwini mfuti ya chamber (malo amene chigoba chimakhala mu mfuti) yotakasuka ya kufakitale, kupala mbali yokhuthala yokha n'kokwanira.