Ndemanga: Ulendo wa madzulo womvera nthano m'nkhalango ya ku Småland

Ulendo uwu umakonzedwa ndi kagulu kakang'ono ka anthu ofotokoza nthano m'chigawo cha Småland, kumwera kwa dziko la Sweden, ndipo umatenga pafupifupi maola atatu, kuyambira dzuwa litapendeka mpaka mdima utagwira. Mtengo wake si wotsika, monga zilili zinthu zambiri m'dzikoli, koma ndikuona kuti ndalama yanga inagwira ntchito, kupatula gawo lomaliza limene ndidandaule nalo m'munsimu. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mayi amene anatitsogolera sanatenge nthanozi ngati zongoopsezera alendo. Cholengedwa chilichonse anachifotokoza ataima pamalo pamene anthu akale ankagwirira ntchito imene inabala nthanoyo, kotero kuti womvera amamvetsa chifukwa chake munthu wanzeru zake ankakhulupirira zoterozo.

Tinayambira pamalo ozungulira pamene dothi lake likadali lakuda ukalipalasa ndi phazi. Apa panali uvuni wa makala, a mtundu umene unkafunika ku ng'anjo zosungunulira chitsulo. Uvuni umodzi unkanyeka milungu iwiri kapena itatu, ndipo mwamuna wowotcha makalawo ankagona yekha m'kachisakasa pafupi nawo, akudziwa kuti akagona tulo tofa nato moto ukhoza kuboola dothi n'kusandutsa phulusa ntchito ya miyezi yambiri. Aliyense amene anaonapo owotcha makala kwathu akulondera uvuni usiku sadzavutika kumvetsa nkhawa imeneyi. Pamenepa ndi pamene mayiwo anatiuza za skogsrå, mkazi amene ankakhulupiriridwa kuti ndiye mwini nkhalango ndi nyama zonse za m'menemo. Ukamuona kumaso ndi wokongola zedi, wa tsitsi lalitali, koma kumsana kwake kuli mphako ngati ya mtengo wofumbwa, ndipo m'madera ena amati ali ndi mchira wa nkhandwe. Ku Norway amamutcha huldra ndipo kumeneko mchira wake nthawi zambiri ndi wa ng'ombe. Wowotcha makala amene ankamulemekeza ndi kumusiyira kachakudya, mkaziyo ankamudzutsa moto ukafuna kulusa. Mlenje amene wamukomera mtima, ankamuuzirira mpweya mumfuti, ndipo mfutiyo sinkaphonyanso. Koma womunyoza kapena womusiya atagwirizana naye, ankamusokoneza mutu mpaka kumazungulira malo amodzi tsiku lonse m'nkhalango imene anakuliramo.

Mayiwo anatsindika kuti skogsrå si mzimu wa munthu wakufa kapena wa makolo, koma cholengedwa chokhala moyandikana ndi anthu, chokhala ndi zofuna zake ndi malire ake. Anatisonyezanso mankhwala amene anthu ankadzitetezera nawo. Wosochera ankavula jekete n'kulivala chotembenuza kuti njira ionekenso. Panalinso nkhani ya mayi wina amene mwamuna wake ankangothawira kunkhalango usiku uliwonse. Mayiyo anakumana ndi skogsrå n'kumufunsa mochenjera kuti achite chiyani ndi ng'ombe yake yamphongo yosakhazikika pakhomo, ndipo skogsrå anatchula zomera ziwiri, tibast ndi vänderot. Mayiyo anakazigwiritsa ntchito pa mwamuna wake, ndipo skogsrå anazindikira mochedwa kuti wadziulula yekha. Wotitsogolerayo anachenjeza kuti tibast ndi chomera chapoizoni, chenjezo limene ndinaliyamikira chifukwa panali ana m'gulumo. Ananenanso kuti m'zaka za m'ma 1600 makhothi a ku Sweden anazengapo milandu amuna amene anavomera kuti anagona ndi zolengedwa zoterezi, ndipo oweruza ndi abusa ankaziona ngati ntchito ya Satana. Mfundo imeneyi inandithandiza kuona kuti kwa anthu a nthawi imeneyo izi sizinali nthano zocheza nazo ana, zinali nkhani zotha kumutayitsa munthu moyo.

Pamtsinje, pafupi ndi mabwinja a chigayo choyendera madzi, tinamva za näcken, mwamuna wokhala m'madzi amene amaimba vayolini mokoma kwambiri kotero kuti womvera amatsata nyimboyo mpaka kumira. Oimba ena ankati anaphunzira kwa iye, ndipo kunali nyimbo imene ukaiyamba sungathe kuileka, ovina nawo sangathe kuima, kufikira wina atadula nsambo za vayoliniyo ndi mpeni. Osambira ankazika mpeni kapena kachitsulo m'mbali mwa madzi kuti amumange. Apa mnyamata wina wa m'kaguluko anaimba vayolini ali kutsidya, osaoneka, ndipo ngakhale ndimakayikira zinthu zokonzeratu zoterezi, izi zinachitika modekha ndipo sizinaononge kanthu. Za bäckahästen, kavalo woyera amene msana wake umatalika kuti ana ambiri akwerepo asanawatengere m'madzi, anangozitchula mwachidule, n'kunena poyera kuti makolo ankagwiritsa ntchito nkhaniyi poletsa ana kusewera m'mbali mwa mitsinje.

Gawo limene linandikhudza kuposa onse linali pa mwala waukulu wokutidwa ndi ndere. Miyala yotereyi inasiyidwa ndi madzi oundana amene anakuta dzikoli kalekale, koma anthu ankati ndi ziphona zimene zinkaiponyera matchalitchi chifukwa chodana ndi kulira kwa belu. Pansi pa miyala ndi m'mapiri ankati mumakhala ma troll, amene m'nthano zambiri za ku Sweden ankafanana ndi anthu, anali ndi ziweto ndi chuma, ndipo ankatha kutenga munthu n'kumusunga m'phiri mpaka belu la tchalitchi litaimbidwa kuti amumasule. Kenaka mayiwo anafika pa nkhani ya bortbyting, mwana amene amati ma troll amusinthanitsa ndi wawo asanabatizidwe. Sanaikometse nkhaniyi. Ananena kuti ana ambiri amene ankatchedwa choncho ayenera kuti anali odwala kapena olumala, ndipo nthano zina zimalangiza kumuopseza mwanayo ndi moto kapena kumukwapula kuti mayi wake weniweni abwere kudzamutenga. Ndimalemekeza wofotokoza nthano amene amakonda mwambo wa kwawo koma osabisa nkhanza imene ina mwa miyamboyo inaphimba, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha ndingathe kulimbikitsa ena kupita.

Dandaulo langa lili pa theka la ola lomaliza. Titakhala pamoto kumwa khofi, wofotokoza wina analandira gululo n'kuyamba za Odin, Thor ndi Loki, mothamanga ndi mosakaniza, ngati kuti milungu imeneyi ya nthawi ya ma Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, ndi skogsrå wa owotcha makala ndi nkhani imodzi. Zambiri zimene timadziwa za milungu imeneyi zinalembedwa ku Iceland, makamaka ndi Snorri Sturluson cha m'ma 1220, pamene nthano za m'nkhalango zimene tinamva zinasonkhanitsidwa kuchokera kwa alimi ndi antchito a m'zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900. Pakati pake pali zaka mazana ambiri za Chikhristu. Chondipweteka n'chakuti kulumikizana kwenikweni kulipo ndipo ndi kwa ku Småland komweko: anthu ankati usiku kumamveka Oden, dzina la Odin m'Chiswidishi, akusaka ndi agalu ake, akuthamangitsa skogsrå, ndipo ankatinso mabingu ndi amene amapha ma troll. Wofotokozayo sanatchule zimenezi, m'malo mwake anasankha nkhani zimene alendo anaziona kale m'mafilimu. Nthawi imeneyo ikanaperekedwa kwa tomte, kamunthu kosamalira khola kamene kankapatsidwa phala la batala usiku wa Khirisimasi, kapena kwa gloson, nkhumba yoopsa ya m'nthano za derali, amene onse anangotchulidwa modutsa.

Pa zakakonzedwe, ulendowu unachitika m'Chingerezi chomveka bwino, ndipo mayina a Chiswidishi ankawabwereza pang'onopang'ono kuti tiwagwire. Njira ili ndi mizu ndi malo onyowa, choncho nsapato zolimba n'zofunika, komanso zovala zophimba miyendo chifukwa cha nkhupakupa zimene zimachuluka m'nkhalango za kumwera kwa Sweden nyengo yofunda. Nyali anatipatsa, koma zinali zochepa poyerekeza ndi kukula kwa gulu, ndipo amene anali kumbuyo ankaphonya mawu ena pamene tinkayenda. Kwa ana aang'ono kwambiri, nkhani ya bortbyting ikhoza kukhala yolemera, ndipo ndibwino makolo afunsiretu.

Amene akufuna kupita ndikuwalangiza kuti ayambe aona Sagomuseet, nyumba yosungiramo nthano ya mumzinda wa Ljungby, imene ili m'dera lotchedwa Sagobygden. Ntchito yosunga nthano za derali inazindikiridwa ndi UNESCO mu 2018, ndipo kumeneko munthu amadziwa za anthu monga Gunnar Olof Hyltén-Cavallius, amene analemba zikhulupiriro za ku Småland m'zaka za m'ma 1800, ndi Mickel i Långhult, wofotokoza nthano wosauka amene nkhani zake zinasungidwa. Polembetsa ulendowu, pemphani tsiku limene gulu ndi laling'ono, ndipo funsani ngati gawo la pamoto lingakhale la nthano za ku Småland zokhazokha.