Maphunziro a Python pa Mangochi Boma: zimene ndinapeza m'masabata anayi

Mwezi watha ndinamaliza maphunziro a madzulo a kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta pa sukulu ina yaing'ono ya pa Mangochi Boma, ndipo popeza anzanga angapo akhala akundifunsa ngati ndi oyenera kulipirira, ndaganiza zofotokoza pano. Tinkaphunzira Python, chiyankhulo chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, ndipo gawo lalikulu linali la object-oriented programming, njira yolembera mapulogalamu pogwiritsa ntchito ma class ndi ma object.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi mmene aphunzitsi anayambira. Sanatiunjikire matanthauzo ataliatali, koma analemba class imodzi yokha yotchedwa Point, yosunga manambala awiri, x ndi y, amene amasonyeza pamene kadontho kali pa galafu. Anatiuza kuti class ili ngati chikombole choumbira njerwa, ndipo object iliyonse ndi njerwa yotuluka m'chikombolecho: maonekedwe ndi amodzi, koma njerwa imodzi ikasweka inzake imakhalabe yathunthu. Pofuna kutsimikiza zimenezi, tinapanga madontho awiri, kenako tinasuntha limodzi pogwiritsa ntchito method (malangizo olembedwa mu class ouza object chochita) yotchedwa move, ndipo tinaona ndi maso athu kuti x ndi y za dontho linalo sizinasinthe ngakhale pang'ono.

Tsiku lachitatu la maphunzirowa aphunzitsi anajambula mapu a tauni pa bolodi, n'kuika mlatho wa Bakili Muluzi pa Point(0, 0) ndi msika pa Point(3, 4), ndipo anatilamula kulemba method yowerengera mtunda wa pakati pa malo awiriwo. Apa m'pamene lamulo la Pythagoras, limene ndinaloweza ku sekondale popanda kudziwa ntchito yake, linandithandiza, chifukwa kompyuta itatulutsa 5.0 ndinazindikira kuti ndamvetsadi zimene ndalemba. Manambalawo sanali mtunda weniweni ayi, anali ophunzirira chabe.

Komabe pali zodandaulitsa. Mawu akuti self ndi __init__, amene amasokoneza pafupifupi aliyense woyamba kumene, anawafotokoza mothamanga tsiku limodzi lokha, moti ambiri a ife tinkangowakopera osadziwa kuti self amaimira object yeniyeniyo imene method ikugwirapo ntchito, pamene __init__ imayenda yokha nthawi imene object ikupangidwa. Ine ndinadzazimvetsa kunyumba, nditaiwala self mu method ina ndipo Python n'kundikanira ndi uthenga wosonyeza cholakwika wotchedwa TypeError. Za inheritance, mmene class ina imatengera zinthu kuchokera ku class inzake, zinangokhudzidwa pa tsiku lomaliza.

Makompyuta analinso ochepa poyerekeza ndi ophunzira, choncho tinkakhala awiriawiri, ndipo magetsi akazima phunziro linkasamukira pa bolodi chifukwa malowa alibe jenereta. Amene ali ndi laputopu yake apite nayo itachajidwa, ndipo phunziro la self likafika asachite manyazi kupempha aphunzitsi kuti abwereze.