Ndemanga pa tchati cha atsogoleri a ku Ulaya, 1945 mpaka 1991

Ndagwiritsa ntchito tchatichi kwa materemu awiri pophunzitsa mbiri yakale m'kalasi la Fomu 4, ndipo ndalama zanga sizinapite pachabe, ngakhale pali mbali imodzi imene yandikhumudwitsa. Pepala lake ndi lokhuthala, lokutidwa ndi pulasitiki, moti fumbi la choko limachoka ndikangopukuta ndi kansalu, koma manambala a zaka ndi aang'ono kwambiri ndipo okhala kumbuyo amachita kudzuka kuti awerenge.

Chimene ndachiyamikira n'chakuti dziko lililonse lili ndi mizere iwiri, wa mtsogoleri wa dziko ndi wa mtsogoleri wa boma. Ana athu anazolowera kuti pulezidenti ndiye mwini zonse, choncho amadabwa akaona kuti ku West Germany Theodor Heuss anali pulezidenti kuyambira 1949 mpaka 1959, pamene woyendetsa boma anali Konrad Adenauer, amene anakhala pampando mpaka 1963. Pamzere wa Britain amaona Clement Attlee akulowa m'malo mwa Winston Churchill mu Julayi 1945, msonkhano wa ku Potsdam wa maiko opambana pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse uli mkati, Mfumu George VI ili pomwepo osasunthika. Ndikawakumbutsa kuti nafenso pakati pa 1964 ndi 1966 tinali pansi pa Mfumukazi Elizabeth II, Kamuzu Banda ali nduna yaikulu, nkhaniyo imalowa msanga m'mutu.

Vuto lili kumaiko a kum'mawa. Okonza tchatichi anangotsata mayina a maudindo, osafunsa kuti mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa yani, chonsecho m'maiko achikomyunizimu wolamula anali mtsogoleri wa chipani. Ku East Germany alembapo Wilhelm Pieck ndi Otto Grotewohl, ndipo Walter Ulbricht, amene ankatsogolera chipani kuyambira 1950, akuyamba kuoneka mu 1960. Ku Soviet Union n'chimodzimodzi: Nikita Khrushchev amuyika kuyambira 1958, pamene anakhala mtsogoleri wa boma, koma chipani anachitenga mu 1953. Zotsatira zake ndinaziona pamayeso, mtsikana wina wakhama kwambiri atalemba kuti amene anadzudzula Stalin pamsonkhano wa chipani mu 1956 anali Nikolai Bulganin m'malo mwa Khrushchev, chifukwa ndilo dzina limene analiona pansi pa chakacho. Zinandipweteka kumuchotsera malikisi pa cholakwa chimene anachitenga pakhoma langa.

Ndinadula timapepala n'kumata mzere wachitatu wa atsogoleri a zipani pamaiko onse a kum'mawa. Mphunzitsi amene angagule tchatichi achite zimenezi asanachipachike.